Nsichi Zitatu za Padooko

"Zuze, tandiyang'ana ndikamalankhula. Nsichi zitatu izi ukazike padooko lero. Sindikunena mawa, sindikunena mkuja. Lero."

Awa anali mawu a bambo Chapepa kwa mwana wawo wamwamuna, m'mawa wa tsiku limene ankanyamuka kukadula nzimbe ku esiteti kwa milungu itatu. Khalani pansi ana inu mumve, makamaka inu amene mukatumidwa mumayankha kuti "ndichita" nkhope ili kumbali.

Banja la a Chapepa linkakhala m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, kuchigwa kotentha kuja. Kumeneko madzi ali pakhomo, koma satungidwa mwachisawawa chifukwa mtsinjewo uli ndi eni ake, ng'ona. Choncho anthu a m'mudzimo ankazika mpanda wa mitengo m'madzi momwemo, kuzungulira dooko, pamalo potungira madzi, pochapira ndi potsukira mbale. Madzi ankadutsa m'mipata ya mitengoyo, ng'ona n'kutsala kunja. Chaka chimenecho madzi osefukira anazula nsichi zitatu pa mpanda wa a Chapepa, n'kusiya mpata woti munthu wamkulu akanadutsa osagunda phewa.

Bambowo anali atadula kale nsichi zatsopano, kuzisongola, n'kuziyedzeka pamtengo wa bwemba. Akanazika okha, koma lole yotenga antchito inafika msanga, ikuliza hutala pamsewu.

"Ndalankhula kale ndi a Bizeki," anatero a Chapepa, kunena mnansi wawo, msodzi wachikulire. "Ukawaitane aime ndi bwato kunja kwa mpatawo iwe ukukhoma. Usalowe m'madzi wekha. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva chiyani?"

"Nsichi zitatu! Kodi ndine wogontha?"

A Chapepa anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Mayi a Zuze, mpatawo usanatsekedwe, pasapezeke munthu padooko. Muzitunga kumjigo." Ananyamula kachikwama kawo n'kuthamangira lole.

Mjigo unali kutali, kuseri kwa sukulu, ndipo mzere wa ndowa pamenepo sunkatha. Mayi a Zuze ndi kamtsikana kawo Lozina, ka zaka zisanu ndi zitatu, ndiwo ankasenza madziwo padzuwa loswa mtengo.

Musaganize kuti Zuze anali mlesi. Ayi ndithu. Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, wamapewa otambasuka, wodziwa kupalasa bwato kuposa anzake onse. Tsiku loyambalo anapitadi pabwemba, n'kunyamula nsichi imodzi. Atayang'ana matope akuda a padooko, anakumbukira chaka chatha pamene anazika mtengo mokhota, abambo ake n'kuuzula anthu akuona, atsikana otunga madzi akuseka. Anakumbukiranso kuti ayenera kukagwada kwa a Bizeki kupempha thandizo ngati kamwana. Mtima unamuwawa. Anabweza nsichi ija n'kunena kuti, "Dzuwa lakwera kale. Ndichita madzulo."

Madzulo anati kwada. M'mawa mwake anati madzi akuzizira. Ndipo mudziwe, palibe munthu wotanganidwa ngati wozengereza. Zuze anasoka mpira wake, anakonza misampha ya mbalame, anasesa bwalo limene chibadwire anali asanaligwirepo tsache, mpaka anakatema nkhuni osatumidwa. Chilichonse anachita, kupatula chimodzi chimene anauzidwa.

Tsiku lachitatu amayi ake anatula ndowa, thukuta lili chuchuchu.

"Zuze, nsichi zija."

"Ndikuzidziwa, amayi."

"Kuzidziwa si kuzizika. Taona mchemwali wako khosi lafupika ndi ndowa."

"Ndanena kuti ndichita! Mukamandikumbutsakumbutsa chonchi mpamene mukundichedwetsa."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana iwe."

Zuze anaseka, kuseka kwa mwano kuja kotulukira m'mphuno. "Ng'ona yake iti? Dzulo yabwera? Dzana yabwera? Mpata uli pompaja masiku onsewa, ndani wadyedwa?"

Apa mpamene wozengereza amadzipusitsira. Tsiku lililonse likadutsa popanda choipa, amaliyesa mboni yake. Sankaona kuti palibe amene wadyedwa chifukwa palibe amene ankatsikira kumadziko.

Tsiku lachisanu a Bizeki anabwera okha, nkhafi ili paphewa.

"Mnyamata, ndakudikira masiku asanu. Bwato lili apo, tiye tikathane nazo."

"Lero ndili ndi zochita, agogo."

"Zochita zanji? Tamvera. Pamchenga wa patsidya apo pakumaothera dzuwa chinthu chachitali ngati bwato langali. Dzulo chatenga mbuzi kumunsi uku. Mpata wakowo chinauona iwe usanauone."

"Chikabwera ndidzachionetsa ine," anatero Zuze akudziguguda pachifuwa. "Sindithamangitsidwa ndi buluzi."

A Bizeki anapukusa mutu. "Chakudza sichiimba ng'oma," anatero, n'kubwerera.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi amayi ake anafika potopa. Anamuuza kuti dzuwa likalowa mpata uli chitsegukire, atumiza uthenga kwa abambo ake. Zuze anapsa mtima. Anatenga chikwanje n'kutsetserekera kumtsinje akung'ung'udza.

Mukuganiza kuti anatenga nsichi? Ayi. Anakadula bango, mabango ouma opepuka aja oti ngakhale iwe wamng'onowe ungathyole pabondo. Anayenda pamwamba pa mpanda, n'kuwasomeka pampata paja mothinana, n'kuwamanga ndi luzi mopingasa, n'kuwapaka matope kuti afanane ndi mitengo inayo. Nsichi zenizeni anazikoka n'kukazibisa m'udzu kuseri kwa khola la mbuzi. Chinyengo chimenechi chinamudyera nthawi ndi mphamvu zambiri kuposa ntchito imene ankaithawa.

"Watseka?" anafunsa amayi ake.

"Pitani mukaone nokha, popeza mawu anga simuwakhulupirira."

Mayiwo anaima pamtunda n'kusuzumira pansi. Mpanda unaoneka wathunthu. Anamwetulira, kumwetulira koyamba sabata imeneyo. "Wachita bwino, mwanangu. Ndinadziwa kuti ndiwe mwamuna."

Mawu amenewo anamulasa Zuze kuposa kukalipa konse kuja. Anachita manyazi, ndipo mumtima analumbira kuti akazika nsichi zenizeni. Liti? Mawa m'mawa.

M'mawa unafika, iye n'kudzuka mochedwa. Anati akayamba wadya. Atadya anati akayamba wapuma. Dzuwa lili paliwombo anali chikhalire pansi pa bwemba, akusoka mpira uja, pamene Lozina anadutsa atasenza beseni la mbale, akuimba kanyimbo ka kusukulu.

"Zikomo achimwene potitsekera," anatero kamtsikanako. "Miyendo yanga inatopa nako kumjigo."

Zuze anatsegula pakamwa. Mawu amodzi okha akanakwana: bwerera. Koma akati bwerera, Lozina afunsa chifukwa, amayi amva, bodza lonse liyaluka. Anati mumtima, ndimuuza akafika pansi. Lozina anafika pansi. Anati, ndimuuza akatula beseni. Lozina anatula beseni, n'kukwinya diresi, n'kulowa m'madzi olekeza m'mawondo. Anati, atsuke kaye mbale imodzi, kenako ndimuitana ngati kuti ndikufuna kumutuma.

Mbale yoyamba inatsukidwa. Yachiwiri inatsukidwa. Mtsinje unali zii, ngakhale mbalame za m'bango zinaleka kulira. Zuze anaona chinthu ngati chipika chakale chikuyandama kunja kwa mpanda, ndipo anadabwa kuti chipika chanji chopita kumtunda pamene madzi akupita kumunsi. Chipika chija chinamira. Mabango aja anagwedezeka pang'ono, anapindika, anapindikanso, luzi n'kuduka kuti thaa!

"Lozinaaa! Tuluka!"

Anachedwa. Madzi anaphulika, kukamwa kwa mano okhaokha kunatseguka, ndipo kunatseka pa mwendo wa mwanayo. Mbale zinabalalika. Lozina anagwa chagada, koma dzanja lake linakola mtengo wa mpanda n'kuukakamira.

"Amayi! Achimwene! Mayo ine!"

Zuze anatsetsereka chogubuduka. M'manja analibe kanthu, pakuti mitengo yosongoka imene ikanamuthandiza anali ataibisa yekha kuseri kwa khola. Anadumphira m'madzi, n'kumugwira mchemwali wake m'khwapa, n'kuponda mwamphamvu m'matope. Ng'ona inakoka, iye anakoka. Inakokanso, mapazi ake n'kuyamba kutsetsereka. Anaona diso lake lachikasu pafupi ngati apa pali iwepa, losaphethira, losapsa mtima n'komwe, longodikira kuti mnyamatayo atope. Madzi anafiira. Zala za Lozina zinayamba kumasuka pamtengo, chimodzi, chinanso.

"A Bizeki! Thandizeni! Agogo, ndapota nanu!"

Uyo ndi Zuze yemwe uja ankati sangagwadire munthu. Mwayi wake, nkhalambayo inali chapafupi ikuonjola ukonde. Inapalasa ngati mnyamata, n'kufika n'kubaya chilombocho ndi nkhafi m'diso. Amayi a Zuze nawo anafika ndi munsi, akukuwa, n'kuchimenya pamphuno kamodzi, kawiri, katatu. Ng'ona inadzipotokola m'madzi mwamphamvu, Zuze n'kugwera kumtunda atakumbatira mchemwali wake. Chilombo chinatuluka pampata pomwe chinalowera, koma sichinapite chimanjamanja.

Lozina anamumanga mwendo ndi chitenje, n'kuthamanga naye pangolo kuchipatala. Moyo wake unapulumuka. Koma kuyambira pabondo kutsika m'munsi, mwendo wamanzere wa Lozina panalibenso.

A Chapepa anafika patapita masiku awiri ngoziyi itachitika, bodza la mabango lija litayaluka kale. Anthu ankayembekeza kuti mnyamatayo aona zakuda, koma bambowo sanatole ngakhale kamkwapulo. Anangoti, "Katenge nsichi zija kumene unazibisa."

Anatsikira padooko atatu. A Bizeki anaima ndi bwato kunja kwa mpata. A Chapepa anapinda manja, osagwira kanthu. Zuze anaimika nsichi yoyamba n'kuikhoma ndi chipika, inalowa. Yachiwiri inalowa. Yachitatu inakhota pang'ono, a Bizeki n'kuikankha ndi nkhafi, inawongoka, inalowa. Palibe anaseka. Atamanga luzi n'kutuluka m'madzi, mthunzi wa bwemba unali usanasunthe n'komwe.

"Ndi yomweyi?" anafunsa abambo ake motsitsa mawu. "Ntchito imene inakukanika masiku asanu ndi awiri ndi yomweyi?"

Zuze anakhala pansi m'matope momwemo n'kulira mokweza ngati khanda. Ine ndikaganiza za kulira kumeneko, mpaka lero mtima umandiwawa, komanso umandipsa.

Patatha mwezi Lozina anatuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri. Zuze ankamuthawa maso, koma tsiku lina mwanayo anamupeza pakhonde ali yekha.

"Achimwene, ndikufunseni?"

"Funsa."

"Munandiona ndikutsika ndi mbale. Ndinakuthokozani. Bwanji simunandiitane?"

Zuze, mwini mayankho uja, amene sankasowa chonena kwa amayi ake ngakhale kwa nkhalamba, anangoti, "Ndimati ndikuitana."

"Liti?" anafunsa Lozina.

Funso limenelo Zuze wakalamba nalo osaliyankha.

Tsono mverani ana inu, ndipo mumve ndi makutu onse awiri. Ntchito imene mukuizengereza imakula m'mutu mokha, m'manja ndi yaing'ono. Mukaiopa, nenani kuti ndikuopa. Ikakulemerani, kaitaneni wamkulu, kupempha thandizo sikunaphepo munthu. Mukasowa poyambira, nyamulani nsichi imodzi yokha n'kuyenda nayo, yachiwiri idzakutsatani. Koma musadzayerekeze, ndikubwereza, musadzayerekeze kuphimba ntchito yosachitika ndi bodza kuti makolo akusiyeni, chifukwa iwo akakhulupirira adzatumiza mwana wina pamalopo. Mukauzidwa kuti lero, dzukani mawuwo asanazizire. Wozengereza nthawi zambiri amatsala ndi miyendo yake yonse iwiri. Amene amadukayo ndi amene anamukhulupirira.