Chisa cha Madothi Atatu

Kalekale, mlambe wa pa doko usanachite mphako yachiwiri, nyama zinkayankhula, mbalamenso zinkayankhula. Tili tonse? Chabwino, senderani kuno. Nthano iyi ndinaimva kwa malemu a Jasitino, telala wa pakhonde la sitolo ya kwathu, omwe ankatikalipira tikamagenda zisa za anamzeze. Sitoloyo inagwa kale, pamalopo pamera bonongwe, koma mawu awo ndimawamvabe pamodzi ndi kulira kwa makina.

Mlambe uja unali pa malire a dziko la kuno. M'mlambemo munkakhala Khwangwala, mkulu woona za alendo. Kolala yoyera mumaiona pakhosi pakeyo anayamba kuvala nthawi imeneyo, ndipo mpaka lero sanaivule ngakhale ntchito inatha. Mbalame iliyonse yochokera kunja inkatera pa mlambe, kunena chimene yadzera, n'kulandira tsamba. Khwangwala ankalijompha tsambalo, ndiye chidindo chake chimenecho. Mlendo wopezeka alibe tsamba, kapena tsamba lake litafota, Kabawi ankamugwira n'kukamutaya kutsidya.

Chaka china, mvula itangogunda, kunabwera Namzeze kuchokera kumpoto, kutali kuseri kwa chipululu.

"Wadzatani?" anafunsa Khwangwala.

"Kudzadya ngumbi, bwana."

"Tenga tsamba la mlendo. La mkuyu ili. Miyezi itatu likhala litafota, iwenso ukhale utapita."

Namzeze anatenga tsamba, anauluka, anakafika pa chulu pomwe ngumbi zinkatuluka. Pamenepo anapeza Timba, kambalame kakang'ono ka m'dziko lino, kakudumphadumpha, ngumbi zikumudutsa pamwamba. Namzeze anagwira ngumbi imodzi, anaigwetsa patsogolo pake. Anagwira ina, anaigwetsanso.

"Kodi inu, kwanu mumadyetsa aliyense chonchi?" anafunsa Timba.

"Ayi. Kwathu kulibe ofupika chonchi," anatero Namzeze.

Timba anakwiya pang'ono, kenako anaseka. Chibwenzi chinayambira pomwepo.

Namzeze analibe pogona, choncho anayamba kumanga chisa pansi pa thanthwe, pafupi ndi chitsamba chomwe Timba ankakhala ndi mayi ake. Dothi la chaka chimenecho linali katondo, lofiira. Namzeze ankaumba, Timba ankatuta udzu ndi thonje. Ankakangana za khomo, uyu akuti liloze kum'mawa, uyu akuti kuli mphepo. Ankakangana, ankagwirizana, ankamanga.

Koma tsamba silidikira munthu. Mwezi woyamba linali lobiriwira, wachiwiri linachita chikasu m'mbali, wachitatu linayamba kuthetheka. Kabawi anayamba kuzungulira pamwamba pa thanthwe.

"Ndipita, koma ndibwera," anatero Namzeze.

"Onse amatero," anayankha Timba. Anayankha choncho chifukwa mkulu wake anakwatiwa mothamanga ndi mbalame ina yakunja yomwe inkangofuna tsamba. Tsamba litapezeka, mwamunayo anakapezeka akumanga kwina.

Namzeze anapita. Chilimwe chinafika, chisa chinayamba kung'aluka. Timba si mmisiri wa dothi, mukudziwa. Koma ankapita kumtsinje, kutapa matope ndi kamlomo kake, n'kudzamata m'ming'alu. Kumata kwake kunali kwa zigambazigamba. Mavu akafuna kulowa, ankawathamangitsa. Anzake ankamuseka kuti akusesera mlendo wa ngumbi, ndipo zinkamupweteka, koma sanasiye.

Mvula itagundanso, Timba anamva nyimbo kumwamba:

Kumpoto kwagunda,
tsamba lili kukamwa,
Timba, kodi khomo lilipo?

Khomo linalipo. Koma ulendo uno Namzeze anali atachedwa pa mlambe, akudandaula.

"Bwana, miyezi itatu ndi yochepa. Palibe tsamba lokhalitsa?"

Khwangwala anakonza kolala yake. "Pa nthambi apa pali masamba atatu. La mlendo ukulidziwa. Ili ndi la ntchito, la msuku, lolimba, limatha chaka. Koma pakhale wokulemba ntchito, ndipo tsambalo amasunga ndi iyeyo. Ili ndi la ukwati, la mgwalangwa, silifota. Ubwere ndi ankhoswe, ukhale chikamwini, kwanu uiwaleko."

"Kwathu kuli mayi anga, bwana. Akalamba."

"Ine ndimangopereka masamba," anatero Khwangwala.

Pafupi pomwepo panali Nantchengwa, mbalame ya mutu ngati nyundo, yomanga zisa zazikulu zoti munthu n'kuimapo. Anali atamva zonse.

"Mphwanga, ukuvutikiranji? Ine ndikulemba ntchito. Kachisa kamodzi kokha, tikamaliza uzikacheza ndi bwenzi lako."

Namzeze anavomera. Khwangwala anajompha tsamba la msuku, Nantchengwa analitenga n'kukalibisa m'kati mwa chisa chake.

Anamanga chisa, chinatha. "Ichi chapendekeka, timange china," anatero Nantchengwa. Anamanga china, chinatha. "Ichi chili pafupi ndi njira, timange china." Anamanga chachitatu, chinatha. "Ichi n'chabwino, koma nanga alendo anga azigona kuti?" Alendo akewo palibe anawaonapo. Dyera lokhalokha.

Namzeze ankadzuka kukutuwa, kubwerera dzuwa litapendeka, mapiko ali lendelende. Pa chisa chawo cha pathanthwe anangokwanitsa kuwonjezera kamzere kamodzi ka makande, dothi lakuda la kudambo, kopyapyala.

Tsiku lina Timba anapita kudambo komweko, anamupeza atasenza chikuni chomuposa msinkhu.

"A Namzeze, muli ndi tsamba la chaka chonse, koma ndinkakuonani kwambiri muli mlendo wa miyezi itatu."

Mawu amenewo anamulasa Namzeze. Anatula chikuni, anapita kwa Nantchengwa. "Achimwene, ntchito ndasiya. Ndipatseni tsamba langa."

"Lako? Tsamba ndi la ntchito. Ntchito yatha, tsamba latha." Analing'amba pamaso pake. Kabawi anayambanso kuzungulira, ndipo Namzeze anachoka mvula isanathe n'komwe.

Chilimwe chimenecho chinatalika. Timba anamatanso ming'alu, anathamangitsanso mavu. Mayi ake anamuuza kuti, "Mwana wanga, ngati ukumufuna, ingokwatiwa zithe." Timba ankamufuna, inde. Koma ankafunanso kudziwa kuti akamadzamufunsira, adzakhala akufunsira iye kapena tsamba la mgwalangwa.

Mvula yachitatu inagunda, nyimbo inamvekanso:

Kumpoto kwagunda,
tsamba lili kukamwa,
Timba, kodi khomo lilipo?

Tsambalo linali la mkuyu lomwe lija, ndipo Khwangwala anali atachenjeza kuti, "Aka n'komaliza. Mlendo wobwera chaka ndi chaka pakhomo limodzi si mlendonso. Likafota ili, usankhe: ukwati kapena kwanu."

Chaka chimenecho anawonjezera chisa ndi dothi lotuwa la pachulu chomwe anakumanirana chija. Ankamanga mwakachetechete. Ngakhale za khomo sanakanganenso. Tsamba linachita chikasu, linayamba kuthetheka.

Apo ndi pomwe Nantchengwa anatulukiranso, akumwetulira.

"Ana inu, mukuliranji? Nkhoswe ndine pano. Kadzidzi akhala nkhoswe wa kuchikazi. Tikanena kwa Khwangwala kuti ukwati unachitika, ajompha tsamba, basi. Mukhale pabanja, musakhale pabanja, ndani adzafunse? Iwe Namzeze ungondimangira zisa ziwiri zokha."

Namzeze anayang'ana tsamba lake, anayang'ana Timba. Mtima unali utatopa. "Timba, mwina tingotero."

"Mukundifunsira kapena mukufunsira tsamba?"

Namzeze anayang'ananso tsamba lija. Timba anafunsanso:

"Tsamba likanakhala lobiriwira, mukananena za ukwati lero?"

"Ayi," anatero Namzeze. "Ndikanadikira. Mayi anga sanakuone. Ine kwanu sindinazolowere chilimwe. Ndikufuna ndidzakufunsire nditakhazikika mtima, osati Kabawi ali pamutu panga."

"Inenso sindinakonzeke," anatero Timba. "Koma sindikufuna mupite osadzabweranso. Tiyeni tikanene zomwezi kwa Khwangwala."

Nantchengwa anawaseka mpaka mutu wake wa nyundo unagwedezeka, koma anawatsatira kuti akaonere.

Anafika pa mlambe. Timba anali asanaimepo pamaso pa mkulu wa kolala.

"Mwabwera ndi ankhoswe?" anafunsa Khwangwala.

"Ayi, bwana."

"Mwakwatirana?"

"Ayi, bwana."

"Mukwatirana mwezi uno?"

"Ayi, bwana. Mwina mtsogolo. Sitikudziwa."

"Nanga mwadzatani?"

Timba anasendera patsogolo. "Tadzafunsa ngati dziko lino lili ndi malo a anthu ngati ife. Awa si mlendo wanga, si wantchito wanga, si mwamuna wanga. Koma tikufunana, ndipo papita mvula zitatu."

Khwangwala anati, "Onse obwera pano amati akufunana. Ena amabwera ndi ankhoswe obwereka, akulira misozi yeniyeni. Ine mawu ndinasiya kuwakhulupirira. Muli ndi chondionetsa?"

"Tili ndi chisa chokha," anatero Namzeze.

"Tiyeni."

Anauluka onse mpaka pathanthwe, Kabawi ali pambuyo. Khwangwala anatera, anapendeketsa mutu, anayang'ana ndi diso ili, anayang'ananso ndi linali.

"Lofiira ili?"

"Mvula yoyamba, bwana."

"Kamzere kakuda aka? Bwanji kopyapyala?"

"Mvula yachiwiri. Ndinali pa ntchito kwa a Nantchengwa. Zisa zitatu, tsamba langa ali nalo iwo, ndipo pomaliza analing'amba."

Khwangwala anacheuka n'kumuyang'ana Nantchengwa. Nantchengwa anayamba kuyang'ana mitambo.

"Lotuwa ili ndi la chaka chino, ndaona. Nanga zigamba izi? Anamata moipa chonchi ndani? Namzeze samata chonchi."

Timba anazyolika. "Ndine, bwana. Chilimwe chisa chimang'aluka, eni ake kulibe."

Khwangwala anawerenga zigambazo chimodzichimodzi. Zinalipo zambiri, zina pa dothi lofiira, zina pa lakuda, zina zitamatidwa pamwamba pa zinzake. Anayesa kukanda chimodzi ndi mlomo, chinakana kuchoka.

"Ankhoswe munthu angabwereke," anatero. "Zigamba izi sangabwereke."

Anabwerera ku mlambe. Khwangwala sanapite pa nthambi ija ya masamba atatu. Analowa m'mphako, anafukulafukula, anatuluka fumbi lili pa kolala, atanyamula tsamba lina, la mlombwa.

"Ili ndi la okondana omwe sanafike pa ukwati. Ukhale ukafuna, upite kukaona mayi ako, ubwere. Mvula ziwiri zilizonse ndizidzaona chisa. Chikadzagwa osamangidwanso, tsamba latha."

"Bwana, linalipo nthawi yonseyi?" anafunsa Namzeze. "Bwanji simunandiuze?"

"Unafunsa tsamba lokhalitsa. Sunandiuze za chisa."

A Jasitino akafika pamenepa ankaimitsa makina n'kupukusa mutu. Inenso Khwangwala ameneyu amandikwiyitsa mpaka lero. Mvula zitatu zathunthu ana aja akuvutika, tsamba lili m'mphako.

Koma kwa Nantchengwa anaweruza bwino. Timba anaulula za unkhoswe wobwereka uja, ndipo Khwangwala analamula kuti Nantchengwa asadzalembenso mlendo ntchito. N'chifukwa chake mpaka lero amatuta yekha zikuni zake, kumanga chisa chachikulu, chikatha Kadzidzi mnzake uja n'kulowamo.

Namzeze anapitiriza kupita ndi kubwera. Mvula yachinayi inadutsa, yachisanu inadutsa, chisa chikukula, madothi akuchuluka. Palibe ankawafulumizitsa. Mvula yachisanu ndi chiwiri ikutha, tsamba la mlombwa lili lobiriwira bwinobwino, Kabawi ali kutali ndi zake, Namzeze anatera pakhomo la chisa.

"Timba, lero palibe chikufota. Ndikufunsira iweyo."

Timba anakonza kanthenga kake, anamusiya adikire pang'ono. "Chaka chamawa mubwere ndi akwanu."

Anabwera nawo, amalume, azakhali, ngakhale mayi ake okalamba aja, akupumira m'njira. Anatera pa nthambi imodzi, atandandalika. Mukaona anamzeze atafola pa waya mvula ikamayamba, dziwani kuti ndi akuchimuna aja, anazolowera njira.

A Jasitino nawonso kwawo kunali kutsidya kwa malire. Chaka chilichonse ankatseka makina n'kupita, mayi ena ogulitsa zitumbuwa n'kumasesa pakhonde paja mpaka abwere. Tili ana tinkaona ngati akungosesa.

Phunziro lake ndi ili: tsiku la ukwati wanu lisasankhidwe ndi tsamba lomwe likufota. Nenani zoona pa malire, funsani makomo onse musanataye mtima, ndipo sungani chomwe mwamanga limodzi, chifukwa ndicho chidzakuchitireni umboni.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata akaphule, isanasanduke khala.