Mphete pa Phiri la Pulasitiki

"Ndiye ukuti ine, mwana wobadwira m'tsinde mwa phiri la Zomba, mzungu akandiphunzitse kutsika chulu?"

"Ndikuti ukamalize malesoni. Ndi folo okha, Maziko. Iwe wapitako kamodzi, n'kukhalira kuseka mphunzitsi."

"Nanga osaseka? Ola lathunthu kutiphunzitsa kagwedwe! Ine ndinkatsika ku Chawe pa njinga yosenza nkhuni, buleki ili chidendene changa ichi. Unamvapo kuti ndinafa?"

"Sabata ino yokha ndamva kasanu kuti sunafe."

Mkanganowu unali m'kachipinda ka Towera ku Rathmines, dera la mumzinda wa Dublin, m'nyumba yakale ya makoma achinyezi. Towera anali dokotala wa mano, anabwera ku Dublin pa sikolashipu kudzawonjezera maphunziro. Maziko, chibwenzi chake, ankaphunzira za makompyuta. Chinali chaka cha 2006, pomwe ndalama zinkachita ngati zikumera m'misewu ya mzindawo, moti aliyense m'basi ankangokamba za nyumba yatsopano ndi holide. Anzake a Towera anakonza ulendo wa ku Austria mu Januwale, wokatsetsereka pa chipale chofewa ndi masikii, matabwa aatali aja omangirira kumapazi. Poti ku Ireland chipale n'chosowa, ophunzira amayambira pa phiri lina kum'mwera kwa Dublin, loyalidwa mphasa za pulasitiki zolimba ngati burashi. Mphasazo zili ndi maenje ngati ukonde, ndipo m'mphepete mwa dzenje lililonse muli chitsulo.

Kunena zoona, Maziko ankamukonda Towera. Akamuona akutsika basi, mvula ya Dublin imene inkamunyansa ija inkasanduka nyimbo. Koma chikondi chake chinali cha moto wa mapesi, chofuna kupsereza zonse lero lomwe. M'thumba la jekete munali mphete imene anagula osafunsa kukula kwa chala. Towera anali atamuuza kale poyera kuti, "Kwathu ku Ekwendeni mwamuna salowera pawindo. Amalume ako akaonane kaye ndi anga." Maziko anangoseka. Amalume, makalata, misonkhano ya pansi pa mtengo, zonsezo kwa iye zinali malesoni enanso.

Loweruka masana anapita onse kuphiri kuja. Hilary, mayi wamfupi wophunzitsa masikii, anabwereza malamulo ake. Lifiti ya pamenepo ndi chingwe chokhala ndi kambale kopana pakati pa miyendo, chimakukoka uli chiimire. Ophunzira azisiya chingwecho pa mtengo wofiira wa pakatikati, osapitirira.

"Ndipo magolovesi osavula, ngakhale mutuluke thukuta," anatero Hilary, akuwaonetsa chala chake chachikulu chokhota. "Mukamagwa fumbatani chibakera. Mphasa izi zimadya zala."

"Amayiwa akanabadwira kwathu akanakhala a sisitere," Maziko ananong'oneza.

Towera anali kutsogolo pa lifiti, Maziko pambuyo pake. Atayandikira mtengo wofiira, Maziko anakuwa.

"Usasiye chingwe! Tiye pamwamba, ndili nawe mawu!"

"Wapenga kodi?"

"Kamodzi kokha, Towera! Ukasiya ndikugunda, ndili pafupi!"

Towera anacheuka, anaonadi masikii a Maziko ali pa zidendene zake. Mantha anamugwiritsa chingwe, mtengo wofiira n'kudutsa.

Pamwamba panali pokongola, zimenezo palibe angakane. Nyanja inali mbee kum'mawa, mzinda wonse uli pansi pawo, makina omangira nyumba zosanja ali njo ngati akakowa. Maziko anayesa kugwada, masikii anamukaniza, ndiye anangowerama. Anagwira dzanja lamanzere la Towera, n'kuvula golovesi, n'kulowetsa mphete. Inali yokulirapo, inkazungulira pachala.

"Ndikwatire... ayi, ndikukwatire. Ah, ukumva zimene ndikunena!"

Towera anayang'ana mphete, anayang'ana kutsetsereka kumene kunali patsogolo pake.

"Kwathu akudziwa?"

"Adzamva pafoni."

"Maziko, ndipatse golovesi yanga. Tikakambirana pansi."

"Golovesi ibise chinthu chokongola chotere? Anzako aja aione kaye ikuwala." Anaipinda n'kuiponya m'thumba mwake. "Nditsate, uone mmene amatsikira a ku Zomba!"

Anadzikankha, uyo! Ndipo dziko ndi lokondera: Maziko sanagwe. Anatsika mopepesuka ngati woledzera, manja ali balala, mpaka anakaima pansi ndi miyendo yake iwiri, n'kukweza ndodo za masikii m'mwamba kudikira m'manja.

M'manja simunaombedwe. Anthu onse ankayang'ana kumtunda, Hilary akuthamanga akukuwa kuti, "Khala pansi! Usatsike!" Mphepo inamwaza mawuwo. Towera, yekhayekha pamwamba, anayesa kutsika pang'onopang'ono monga anaphunzirira, nsonga za masikii zitayang'anana. Koma kumtunda kuja n'kotsetsereka kuposa kwa ophunzira. Liwiro linamulanda miyendo, anapendekeka, ndipo dzanja lopanda golovesi lija linatambasuka lokha kuti limutchinjirize. Chala chinalowa m'dzenje, mphete yokhwepa ija inakola chitsulo, thupi n'kupitirira.

Kulira kwa Towera, Maziko anakumva ali ndi ndodo m'mwamba.

Kuchipatala anayesetsa, koma chala sichinapulumuke. Mphete anachita kuidula ndi pulayala, n'kumupatsa Maziko m'kabotolo kapulasitiki. Ku Austria anzawo anapita okha. Mayeso a Towera ogwira odwala anaimitsidwa, mpaka dzanja lidzaphunzirenso kugwira kagalasi ka m'kamwa ndi zala zinayi. Maziko anatumiza maluwa, anatumiza mauthenga aatali pafoni, ena olemba ngati ndakatulo. Yankho linali zii.

Patatha masabata atatu anakagogoda ku Rathmines. Towera anatsegula, dzanja lili m'bandeji, koma sanachoke pakhomo. Maziko anatulutsa golovesi ija m'thumba, ikadali yopindidwa.

"Ndakubweretsera."

"Ili ndi zala faifi, a Maziko. Ndiitani?"

Mawu akuti "a Maziko" anamulasa kuposa mbama.

"Towera, ndalemba kalata kwa amalume. Akangoilandira apita ku Ekwendeni. Ndigula mphete ina, ya dzanja linalo. Ndinachita zonsezi chifukwa chokukonda! Nanga unkafuna chiyani chimene sindinakupatse?"

Towera anamuyang'ana. Maso ake anali ouma.

"Ndikanakulolani, mukudziwa? Amalume ndinali nditawauza kale kuti Isitala ikubwerayi kubwera alendo ochokera ku Zomba. Sindinkafuna phiri, sindinkafuna mphete yoonetsa anthu. Ndinkangofuna munthu woti ndikati dikira, adikire. Inu munafika pansi msanga, a Maziko, koma munafika nokha. Auzeni amalume anu asavutike ndi ulendo."

Chitseko chinatsekeka mwaulemu, osamenyetsa. Maziko anatsala pamasitepe, golovesi m'manja, mvula ya Dublin itabwerera kukhala mvula wamba. Pamenepo mpamene mwana wa m'tsinde mwa Zomba anamvetsa zimene akuluakulu ankanena poona anyamata akuuluka ndi njinga za nkhuni: kuthamanga si kufika.