Nkhono ya pa Tebulo la Laston

Inu amene mukuti mwambi wa nkhono udachokera kwa makolo akale, khalani pansi mundimve kaye, mutsutse ndikamaliza. Ine ndidafika Fomu 4, sindinena za m'maluwa.

Ku Mponela kudali Laston, mlamu wanga, wojambula makanema a maukwati. M'kompyuta yake mudali madisiki awiri, mapasa. Cholembedwa pa ina chinkalembedwanso pa inzake, kuti ina ikafa zithunzi za anthu zisatayike. Tsiku lina la mvula magetsi adathima mwadzidzidzi, mapasa aja n'kusiyana, disiki ina n'kutsalira m'mbuyo. Atayaka, kompyuta idayamba kukopera zonse pa disiki yotsalirayo, koma kamzere kosonyeza ntchitoyo kankayenda ngati kakudwala nyamakazi.

Mtima wa Laston udali m'mwamba. Kanema wa ukwati wa mwana wa abusa tsopano adali pa disiki imodzi yokha, yokalamba, yolira ngati chigayo. Ikadafa, akadauza chiyani mpingo? Kamzere kakachedwa, iye ankathimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ati kuidzutsa, ntchito n'kuyambiranso pachiyambi. Uku akubenera nyimbo anyamata a kabaza pa makina omwewo.

Mng'ono wanga, mkazi wa Laston, atadandaula kuti bambo a kunyumba sakudya, ndidapitako. Ndidatola nkhono pakhoma la situdiyo yake, n'kuiika patebulo.

"Alamu, maso a nkhonoyi ali pati?"

Laston adaigogoda ndi chala, iyo n'kulowa m'chigoba. Adaigogodanso, ziii.

"Ndi zomwe mukuichita kompyutayi," ndidatero. "Manja m'thumba."

Anyamata a nyimbo ndidawabweza, mausi ya kompyuta n'kuimanga pansonga ya chitenje changa. Laston adakhala akung'ung'udza, kenako adatopa, n'kumangoyang'ana chigoba chija. Patapita nthawi nkhono idatulutsa tinyanga take, timaso tili kunsonga. Pocheukira kompyuta, adapeza kamzere katapitirira pomwe kankathera kale. Dzuwa lisanapendeke mapasa adafanana, kanema ali bwinobwino.

Pamenepo ndi pomwe ine, osati wina, ndidati: "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tanthauzo lake, ana inu, n'lakuti pali zinthu zina zimene ukazikakamiza zimabwerera m'mbuyo. Zimafuna uzisiye zidzitulukire zokha.

Abusa atamva nkhaniyi adaitchula paguwa, ndi dzina langa lomwe. Laston naye adandijambula chithunzi chachikulu chamufelemu, nditavala duku lofiira. Chili pawindo la situdiyo mpaka lero, pamwamba pa akwati onse.