Batani Loitanira Ambulansi

Panali mayi wina mumzinda, dzina lake Mwatitha, amene ankalemba mapulogalamu a kompyuta limodzi ndi mkulu wake pantchito, a Dzimbiri. Bungwe lina linawapatsa ntchito yopanga njira yoti anamwino a m'zipatala zakumudzi aziitanira ambulansi.

Anagawana ntchitoyo. Mwatitha analemba kapulogalamu ka m'foni, koti namwino akadina batani, uthenga uzipita ku seva, kompyuta yaikulu ya m'tauni. A Dzimbiri analemba mbali ya ku seva, yolandira uthengawo, kuupereka kwa dalaivala, kenako kuyankha foni ija. Seva ikayankha kuti zatheka, batani linkabiriwira. Zikakanika, linkafiira.

Poyeserera, batanilo linkafiira kawirikawiri, chifukwa netiweki ya kwa madalaivala inkadukaduka. Tsiku loonetsa ntchito kwa akuluakulu a bungwe litayandikira, a Dzimbiri anasintha mbali yawo mwakachetechete, kuti seva izingoyankha kuti zatheka, kaya uthenga wafika kwa dalaivala kaya sunafike. Akuluakulu aja anaomba m'manja. Mwatitha naye anakondwa, poganiza kuti vuto lakonzedwa.

M'nyengo yogulitsa fodya, mayi wina atangobereka pa chipatala china chakutali anayamba kutaya magazi. Namwino anadina batani, ndipo linabiriwira. Mwamuna wa mayiyo anafika ali wefuwefu kudzanena kuti wapeza lole ya fodya yopita kuboma. Namwino anamuonetsa foni.

"Ambulansi ikubwera, bambo. Pa lole angatsirizikire m'njira."

Lole inapita. Dalaivala wa ambulansi anali pansi pa mtengo akudya nzimbe, foni yake ili zii. Mayi uja anamwalira akudikira, kusiya khanda.

Mwatitha atamva, anathamangira ku ofesi. Anatenga foni yoyeserera ya dalaivala, kuizimitsa, nadina batani pa foni yoyeserera ya namwino. Linabiriwira. Anadinanso, linabiriwiranso. Anapita kwa a Dzimbiri, naika foni yozimayo patebulo pawo.

"A Dzimbiri, seva yanu ikuti uthenga wafika. Wafika kwa yani? Foni ya dalaivala ndi iyi, yozima."

"Mabwana sakonda kuona zofiira, mayi. Ndimati ndikonza zinthu zikakhala pansi. Musapute mavu, tonsefe timadyera pomwepa."

"Munthu ali m'manda, inu mukukamba za kudya?"

A Dzimbiri anangotembenukira ku kompyuta yawo.

Tsiku lomwelo Mwatitha anachotsa batanilo m'mafoni onse a anamwino. M'malo mwake anaikamo mawu akuti: "Batani lija linkanama. Imbirani dalaivala mpaka mumve mawu ake." Atatero anapita kubungwe kukaulula zonse.

Bungwe linawalanda ntchitoyo. Mwatitha anachotsedwa ntchito, ndipo anzake ena anasiya kumupatsa moni, amvekere wawatayira ufa. A Dzimbiri sanachedwe kupeza ntchito kwina, ndipo mpaka lero amavala tayi.

Tsono inu amene mwabwera kudzaphunzira ntchito yolemba mapulogalamuyi, mverani. Foni ilibe maso oonera zochitika ku seva. Imakhulupirira chimene mwaiyankha, ndipo munthu woigwira amakhulupirira foniyo. Chikakanika, yankhani kuti chakanika, ngakhale bwana akwinye nkhope. Namwino uja akanaona kufiira, akanakweza mayiyo pa lole.