Tinyade ndi Chimeza wa Mitu Isanu

Kalekale, milombwa isanathe m'mapiri, kudali mtsikana dzina lake Tinyade. Malume ake, a Chikakuda, ndiwo okha adatsala odziwa kusema mangolongondo, zoimbira zamitengo zochita kugogoda. Akamaimba pansi pa mkuyu, amayi ankaiwala mitsuko kudambo, ngakhale mbuzi zinkaleka kudya. Tinyade adakula atatsamira bondo lawo, akununkhiza zipalapala za mtengo wauwisi.

Koma dziko limenelo lidali ndi choletsa chimodzi. Mkulu akamakuphunzitsa, sunkayenera kunena kuti "ndikudziwa kale," chifukwa kuseri kwa mapiri kunkakhala Chimeza, chilombo cha mitu isanu, chomeza mkulu aliyense amene ana aleka kumufunsa.

Chaka chimene Tinyade adamaliza sukulu, mtima wake udali kale m'basi ya ku tauni.

"Gogoda apa, mphwanga," adatero malume. "Wamva mmene ukulirira?"

"Ndikudziwa kale, malume. Tizingogogoda mtengo mpaka imvi?"

Dzuwa lili paliwombo kudabwera kamvuluvulu wakuda. Atapita, pansi pa mkuyu padatsala kasemasema yekha, chogwirira chake chikadali chofunda.

Tinyade adathamanga osatsanzika, kukafunafuna malume ake. M'nkhalango adapeza bilimankhwe akudutsa njira, mwendo uli m'mwamba ngati akuganiza kaye.

"Ukupita kuti, mwana wa eni?"

"Njira ndikuidziwa," adayankha, n'kumulumpha.

Adayenda mpaka mapazi kutupa, n'kudzipeza pamalo omwewo. Bilimankhwe adali asanatsitse mwendo uja.

Tinyade adagwada. "Agogo, ndasochera. Ndilondolereni."

"Ehe, tsopano pakamwa pako patseguka makutu," adatero bilimankhwe. "Tsata mtsinje wouma. Chimeza amaponya ndagi. Onse amene adapitako ankaopa manyazi, ankangolota yankho, n'kudyedwa." Atatero adakwera pamkono pake, nasanduka chibangiri chobiriwira.

Kumapeto kwa mtsinjewo kudali phanga lonunkha ngati nkhokwe yovunda. Chimeza adatuluka, mitu isanu ikugwedezeka ngati maungu pa denga, ndipo mutu uliwonse unkalankhula ndi mawu a mkulu amene udameza.

"Kamwana ka sukulu," udaseka mutu woyamba ndi mawu a mayi wokalamba. "Chilape."

"Nachize."

"Mwana wanga ndimam'sambitsa ndi moto. Akalira, ndiye kuti wachira."

Mayankho atatu adathamangira pa lilime la Tinyade. Chibangiri chidamufinya dzanja mpaka adameza onse. Adakumbukira mmene ankachitira ali ana: wolephera ndagi amavomera, amapereka ng'ombe ya pakamwa, ndipo woponya ndagiyo sangakane kuulula.

"Ndalephera, mayi. Ndakubayirani ng'ombe yonona. Ndiuzeni."

Chimeza adaluma mano. Iye ankadziwa kumeza basi, kupereka ayi. Koma mayi wa m'katimo adamva mwana akufunsa, ndipo palibe chimene chikadamutseka pakamwa.

"Ndi mbiya, mwanawe! Ukaiwotcha, igogode. Ikalira bwino ndiye kuti sidang'ambike."

Mutuwo udaphulika ngati chikho chouma, mayi woumba mbiya n'kugwera pa mchenga, akupitirizabe kufotokoza za dothi.

Chimeza adaponya ndagi ina mwaukali, kenaka ina, kenakanso ina. Tinyade adalephera zonse mosabisa, ng'ombe zake zosaoneka zikungotha. Adatuluka wosula makasu, adatuluka mzamba, adatuluka mkulu wodziwa mitambo ya mvula.

Mutu wotsiriza udachenjera. Udatseka pakamwa kuti ndii, osaponya kanthu, n'kuyamba kukwawira kwa iye.

Tinyade sadathawe. Adaima mpaka mpweya wa chilombocho udamutentha kumaso, misozi ili mbwembwembwe.

"Malume, mtengo uja sindidaumve. Ndidanama. Umalira bwanji ukauma?"

Khosi la Chimeza lidatupa. Kuchokera m'kati kudamveka kulira kumodzi koyera, ngati dontho logwera m'chitsime chakuya. Mutuwo udang'ambika pakati, thupi lonse lidafota n'kusanduka chulu.

A Chikakuda adadzuka akudzisasa fumbi. "Umalira choncho. Ukadafunsa kunyumba tikadapulumutsa nsapato zakozo."

Adabwerera onse asanu ndi mmodzi. Nthungululu zidawachingamira kudambo, ndipo anthu adam'nyamula Tinyade pamapewa mpaka pabwalo. Koma manja a malume adatuluka m'chilombomo akunjenjemera, ndipo sadagwirenso kasemasema. Kuyambira pamenepo ankakhala kumbuyo kwa mphwawoyo, chibwano chili pafupi ndi phewa lake, iye akusema.

"Malume, maphunziro amenewa adzatha liti?" adafunsa tsiku lina, manja ali matuza okhaokha.

"Tsiku limene kamwana kena kadzatope nawe," adayankha. "Pala pang'ono kumanzereko. Wathamanganso."