Oyilo wa Golide, Matayala Otha Mano

Ife amuna tikagula galimoto, nzeru zina zimasamuka m'mutu n'kukakhala pansi pa boneti. Ndikuti ife chifukwa nanenso kanga kalipo, ndipo ndimakasisita kuposa mmene ndimasisitira ana anga. Koma mwa tonsefe panalibe wofika pa a Golide, kapitawo wa pa fakitale ina yokhoma mipando ya sofa.

Dzinali silinali la makolo ayi, linachokera ku chigubu. Tsiku lina a kapitawo anagula oyilo wodula uja wa m'chigubu chonyezimira ngati golide, n'kuthira m'kagalimoto kawo kokalamba. Anagula kamodzi kokha, chifukwa thumba linabuula mwezi wonse. Oyiloyo atatha, chigubu sanachitaye. Ankazemba nacho kupita kwa makaniko wa kuseri kwa msika, n'kukachidzaza oyilo wamba wa mumgolo. Makanikoyo anali atawauza kuti injini yakale ngati imeneyo sisankha, bola kusintha oyilo ndi sefa nthawi ikakwana. Ndipo zinalidi choncho, kagalimotoko sikankadandaula.

Nthawi yopuma masana ikakwana, a Golide ankapita poimika magalimoto, kutsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukapukuta ndi kansalu kotsala ku sofa. Kenako ankaimika chigubu chija padenga la galimoto kuti dzuwa lichimenye bwino.

"Anyamata inu mukupha magalimoto ndi oyilo wa mumgolo," ankalalikira motero. "Tamverani injini iyi. Ikulira kapena ikuyimba?"

"Ikuyimba, bwana!" ankavomera anyamata okhoma mipando. Ena mpaka anayamba kudzimana chakudya chamasana kuti nawonso agule wa golide.

Pansi pa galimoto nkhani inali ina. Matayala onse anayi anali atatha mano, osalala ngati dazi la mwini wake, ndipo lina lakumbuyo linali litayamba kuonetsa mawaya. Akazi awo, amene ankadziwa bwino zimene zinali m'chigubu, anawakhazika pansi tsiku lina.

"Bambo, mzime wathu akulandira digiri mwezi wamawa, ndipo ulendo wake ndi wautali. Munamulonjeza nokha kuti akadzatchulidwa dzina adzationa tonse awiri. Ndiye tidzayenda pa matayala amenewa?"

"Mtima m'malo, mayi. Mwezi uno ndikupuma pa ntchito. Anzanga amasonkha mphatso yotsanzikana, ndipo amayamba afunsa chimene munthu akufuna. Ine ndikanena matayala, basi."

Maganizowo anali abwino, koma tsoka silinunkha. Wapampando wa komiti ya mphatso, bambo wofatsa wa ku chipinda chosokera, anabwera kudzafunsa masana, poimika magalimoto pompaja, ulaliki uli pakati, chigubu chikung'anima padenga.

"A kapitawo, ndalama zasonkhedwa, ndipo anthu apereka ndi mtima wonse. Ena akuti tikugulireni matayala, poti awawa akuoneka otopa. Koma anyamatawa akuti inu chimene mumakonda ndi oyilo wanu uja. Tanenani nokha."

Maso onse anatembenukira kwa a Golide. Mawu oti "matayala" anafika pakhosi, n'kuona anyamata aja atayasama kudikira nzeru, n'kubwerera m'mimba.

"Aaa, matayala ndi nsapato chabe," anatero akuseka. "Munthu amayenda ndi nsapato zakutha. Koma oyilo ndi magazi."

Anyamata anaomba m'manja. Wapampando anafunsanso kachiwiri ngati atsimikiza, ndipo iwo anavomera ndi mutu mwamphamvu.

Tsiku lotsanzikana anawapatsa makatoni a oyilo wa golide, mulu wofika m'chiuno, womangidwa ndi riboni. A Golide anagwetsa misozi, anthu n'kumati, "Taonani mmene zawakhudzira!" Inde zinawakhudzadi.

Atafika nawo kunyumba, akazi awo anauzungulira muluwo.

"Matayala a masiku ano akubwera m'makatoni?"

"Mayi, musayambe."

"Sindikuyamba, ndikufunsa. Bwererani kwa wapampando mukamuuze zoona, akabweze kusitolo asinthe ndi matayala. Ndi munthu wabwino uja, sakakudyani."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti zaka zonsezi ndimathira wa mumgolo? Anyamata aja adzandiseka mpaka kumanda."

"Ndiye tibwereke galimoto ya achimwene anga."

"Alamu anga amene ndinawanyoza kuti injini yawo imatsokomola? Ayi, zimenezo ayi."

"Nanga basi?"

"Ine, mwini galimoto, kukafika pa digiri ya mwana wanga nditapanikizika m'basi? Anthu adzati chiyani?"

Apa m'pamene nzeru za pansi pa boneti zinagwira ntchito. A Golide anaganiza zonyamula oyilo yense kupita naye ku tawuni ya sukuluyo, kumene kunalibe wowadziwa, akamugulitse mwakachetechete mwambo ukatha, n'kugula matayala komweko. Pobwera akanati ndi mphatso ya mwana. Anadziyamikira okha kuti mutu wawo ndi wakuthwa.

M'mawa wa ulendo anayamba kulonga. Mpando wakumbuyo unadzaza ndi zikwama za mayi ndi bulangete latsopano la mwana. Makatoni analowa m'buti, koma otsiriza anakana, chitseko osatseka. A Golide anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti akazi awo akadali m'nyumba kumanga duku. Anatulutsa tayala la sipeya, kuligubuduza mpaka kuseri kwa nyumba, n'kuika makatoni m'malo mwake. Buti inatseka bwinobwino.

Ananyamuka. Injini inkayimbadi, ndi oyilo wake wa mumgolo yemweyo. Dzuwa linakwera, phula linatentha, ndipo katundu anali atalemera kumbuyo. Atadutsa midzi ndi masitolo, n'kufika pamalo poti kumanzere tchire kumanja tchire, anangomva kuti phuu! Galimoto inavina, mayi anaitana Mulungu, ndipo mwamwayi inakaima m'mphepete mwa msewu osagubuduzika.

Atapuma, mayi anati, "Tithokoze kuti tili moyo. Tulutsani sipeya msanga, nthawi ikadalipo."

A Golide anatsegula buti pang'onopang'ono, n'kuima chilili. Akazi awo anasuzumira. Anaona golide yekhayekha.

"Sipeya ili kuti?"

"Ili... ili bwino. Ili kunyumba."

Mayi sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinawawa kwambiri. Anangokhala pansi pa mtengo, atavala diresi lawo latsopano, n'kumayang'ana msewu.

Magalimoto ankadutsa apo ndi apo. Mabasi anali odzaza. Woyendetsa lole wina anaima, koma tayala lake silikanakwana. Poona makatoniwo anaimba mluzu.

"Koma bwana, inu ndiye mumaikonda galimoto! Oyilo wodula chonchi?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Golide sanalalikire.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali mzime uja, kumbuyo kwake kukumveka nthungululu za makolo a anzake.

"Ababa, anditchula. Ndinayenda pang'onopang'ono dala, ndikuyang'ana m'mipando monse kuti mwina mwakhala kumbuyo. Muli kuti? Muli bwino?"

Mwanayo sanawadzudzule, ankangoda nkhawa. A Golide anakhala pa katoni.

"Tili bwino, mwana wanga. Kungoti bambo ako ndi chitsiru. Ndi chitsiru chokhala ndi oyilo wabwino kwambiri mumsewu uno wonse."

Mayi anawalanda foni n'kupita nayo patali, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Atabwerera anawapatsa foniyo.

"Imbirani achimwene abwere ndi sipeya. Ili kuseri kwa nyumba, eti?"

Anaimba. Alamu aja anafika ndi galimoto yawo yotsokomola, ndipo mawa lake nkhani inali itafika kale ku fakitale, ya chigubu ndi mgolo yomwe. Anyamata anaseka, inde, koma kuseka kunatha sabata isanathe, ndipo wapampando anathandiza kusinthitsa makatoni aja ndi matayala popanda vuto lililonse. Chimene sichinasinthike ndi chithunzi chimene chili pakhoma pabalaza pawo: mtsikana wovala mkanjo wa digiri, ataima yekha.

Ife a magalimoto timafunsana mpaka lero ngati oyilo wodula ndi woyenera mtengo wake. Mukawafunsa a Golide amaloza chithunzicho n'kunena kuti wawo anawadyera tsiku limene silidzabweranso, pomwe injini sinalawe ngakhale dontho. Liwu limodzi lokha, loti "matayala", likanawafikitsa. Paja akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.