Hotela ya Kutsidya kwa Mtsinje

Kwathu ku Kraljevo palibe amene samudziwa Milutin, uja anayendetsa basi ya ku Trstenik mpaka imvi zinamupeza ali pachiwongolero. Ndi munthu wabwino, sindikana. Koma pa nkhani ya misewu ankadziona ngati ndi iye anaiyala. Ukamuuza kuti mlatho wakuti autseka, ankakuyang'ana ngati wamutukwanira mayi ake. Kufunsa njira ankati ndi ntchito ya amuna osakwanira.

Tsiku limene nkhaniyi inayamba, Milutin anali kukhitchini atayala mapu a mzinda wa Bangkok patebulo, rula ili m'manja, magalasi ali pamphuno. Mkazi wake Zorka ankasenda tsabola wootcha pambali pake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ognjen, ankagwira ntchito kumzinda umenewo, ndipo mwezi wotsatira ankakwatira mtsikana wa komweko, dzina lake Sunisa.

“Ndaipeza,” anatero Milutin. “Hotela ya m'mbali mwa mtsinje. Ukatsegula zenera, mabwato akudutsa pansi pako. Ndalipira kale.”

Zorka anasiya kusenda. “Mwana uja anati tisalipire chipinda tisanamufunse.”

“Ndimufunse chiyani? Taona apa.” Anagoneka rula pamapu. “Kuchoka pahotela kukafika kuchikazi sikutalikanso ngati kuchoka pano kupita ku Trstenik. Ulendo wa ndudu ziwiri umenewu.”

Nthawi yomweyo analowa Radomir, mchimwene wake wa Zorka, woweta njuchi. Nayenso anali pa ulendowu monga malume a mkwati. Ameneyu ndiye anali wosiyana ndi mlamu wake pa chilichonse. Anali atamuimbira kale Ognjen kangapo kumufunsa za chakudya, za madzi akumwa, ngakhale za nsapato zoti avale. Ognjen anamupezera kachipinda pamwamba pa sitolo ya matayala, mumsewu womwewo wa makolo a Sunisa.

“Pamwamba pa matayala,” anaseka Milutin. “Alamu, mudzauluka dziko lonse kuti mukanunkhize labala? Inu mumafunsa njira ngakhale ya kuchimbudzi cha m'nyumba mwanu.”

“Ndimafunsadi, alamu,” anayankha Radomir akunyambita supuni ya tsabola. “N'chifukwa chake sindinadziipitsirepo m'thalauza.”

Panali chinthu chimodzi chimene Milutin ankachisamala kuposa pasipoti. Tsiku limene Ognjen anabadwa, iye anakwirira botolo la rakiya, kachasu wathu wa mapulamu, pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, monga timachitira, kuti adzalitsegule yekha pa ukwati wa mwanayo. Analifukula, nalipukuta, nalikulunga m'masokosi aubweya. Anthu onse a mumsewu mwathu anaitanidwa kudzaliona, koma palibe amene analoledwa kulikhudza. Munthu uja anali atadikira tsikuli moyo wonse wa mwana wake.

Anafika ku Bangkok Loweruka. Hotela inalidi yokongola, zimenezo ngakhale Zorka anavomera. Lamlungu anakwera takisi kupita kukaonana ndi akuchikazi. Misewu inali pululu, galimoto inangoti fyuu pamlatho, ndipo posakhalitsa anali atafika. Milutin anatsika akumwetulira mpaka m'makutu.

“Ndudu ziwiri,” anauza mlamu wake. “Labala akununkhira bwanji?”

Ognjen sanaseke. Anakokera bambo ake pambali, nkhope ili gwa.

“Ababa, lero ndi Lamlungu. Lachisanu m'mawa, tsiku la ukwati, mzinda uno sukhala umenewu. Komanso ino ndi nyengo ya mvula. Bambo a Sunisa akuti chipinda chilipo m'nyumba muno, mugone kuno usiku umodzi wokha.”

“Bambo wa mkwati sagona kuchikazi ngati wosowa pogona.”

“Ndiye mugone kwa malume.”

“Pamatayala?”

“Ababa, mvetsetsani. Nthawi ya mwambo anasankha ndi amonke, ansembe a kuno. Sisunthika, ngakhale denga ligwe. Makolo a mwamuna amakhala pamipando yawo, ife n'kuwagwadira, iwo n'kutithira madzi a madalitso m'manja. Mpando ukakhala wopanda munthu, kuno amati akuchimuna amukana mtsikana.”

Milutin anamusisita mwana wake paphewa ngati akutonthoza kamwana koopa galu. “Ine basi yanga sinachedwepo, ngakhale chipale chofewa chitafika m'mawondo. Iwe samala tayi yako, za misewu undisiyire.”

Lachisanu kunacha ndi mvula, ndipo sinali mvula yoti n'kuseka nayo. Zorka anadzuka kusanayere, anavala, nakhala m'mphepete mwa bedi chikwama chili pamiyendo. Milutin anameta ndevu mosafulumira, anatsika kukadya mazira ndi khofi, poti chakudya cham'mawa chinali cholipiridwa kale. Potuluka, mtsikana wolandira alendo anaona suti ndi duwa la pachifuwa, nawafunsa kumene akupita. Zorka anamuonetsa dzina la dera lija pafoni. Mtsikanayo anatong'ola maso, nayang'ana wotchi ya pakhoma, nayang'ananso mvula kunja. Milutin anaona zonsezi ndi maso ake awiri. Sanafunse.

Takisi inayenda bwinobwino mpaka inakwera pamlatho, kenako inaima. Kutsogolo magalimoto, kumbuyo magalimoto, kumanja ndi kumanzere magalimoto, mpaka pamene maso alekezera. Milutin anati mwina pachitika ngozi. Anadikira. Anasuntha pang'ono, mtunda woti nkhuku ingaudumphe, naimanso. Atatsika mlathowo anapeza msewu wasanduka mtsinje wachiwiri, madzi akufika m'matayala. Maloboti ankasintha, obiriwira, ofiira, obiriwiranso, koma palibe galimoto imene inkasuntha.

Chimene chinamuumitsa thupi Milutin si madziwo. Anaona dalaivala wa takisi akukoka buleki ya pamanja, akutsegula kaphukusi ka mpunga ndi dzira, n'kuyamba kudya mwamtendere. Atatha anapukuta pakamwa, natulutsa kodulira zikhadabo. Zaka zonse zimene anakhala pamsewu, Milutin anali asanaonepo dalaivala akuwenga zikhadabo pakati pa ulendo. Anamugwira paphewa, namuonetsa wotchi. Munthuyo anangomwetulira mwaulemu, naloza kutsogolo ndi kodulira kaja, ngati akuti, uzani amenewo.

Foni ya Zorka inalira. Anali Ognjen, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka ng'oma.

“Amayi, muli pati?”

Zorka anawerenga chikwangwani cha sitolo imene anaima pafupi nayo.

“Amayi, simunafike ndi theka lomwe. Tsikani. Mukuwaona anyamata a njinga zamoto ovala malaya a olenji? Aonetseni adiresi, mukwere mmodzi uyu, mmodzi uyo. Amadutsa pakati pa magalimoto. Mukanyamuka pompano mufika.”

Anyamatawo analidi pomwepo, atabisala pansi pa mlatho wa anthu oyenda pansi. Milutin anawayang'ana, nayang'ana suti yake, nakumbatira botolo lake la m'masokosi.

“Ine ndikakhale kumbuyo kwa kamwana kosamera ndevu, nditakagwira m'chiuno? Msewu utseguka pompano. Ndimaidziwa misewu ine, ikatsekeka chonchi ndiye kuti yatsala pang'ono.”

Zorka anali mkazi amene moyo wake wonse sanakwerepo ngakhale njinga yakapalasa. Ankaopa chikepe, ankaopa agalu, ankadzilemba chizindikiro cha mtanda basi ikamakhota. Anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali.

“Khala nayo misewu yakoyo,” anatero. “Ine ndinabala mwana mmodzi.”

Anatsegula chitseko, naponda m'madzi ndi nsapato zake zatsopano, nakwinya diresi mpaka m'mawondo. Mnyamata wina anamuveka chisoti. Milutin anangoti kukamwa yasa, kuonerera mkazi wake, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, atakhala chammbali panjinga yamoto, maso atatsinzina, akulowa pakati pa basi ndi lole mpaka anazimiririka.

Ndikanakonda kukuuzani kuti pamenepo nzeru zinamubwerera. Ayi ndithu. Anakhalabe m'takisimo, akuuza dalaivala m'chinenero chathu kuti akhotere kumanzere, kuti pali kanjira ndithu, mizinda yonse ili ndi kanjira. Dalaivala ankangogwedeza mutu akumvera wailesi. Foni ya Milutin inalira kawiri, iye osayankha chifukwa cha manyazi. Italira kachitatu anaigwira m'manja mpaka inasiya yokha. Pamenepo m'pamene mantha anamugwira, mantha enieni. Anatsika, naitana mnyamata wa njinga, nakwera, namugwira m'chiuno momwemo mmene anakanira, botolo lili pakati pawo.

Atafika mumsewu wa kuchikazi mvula inali itakata. Ng'oma zinali zitasiya. Mitengo ya nthochi ndi mizimbe imene akuchimuna amanyamula pobwera inali itatsamizidwa kale kukhoma. Milutin anathamangira pachipata, suti itamatirira thupi, duwa lija litagwera kwina, matope mpaka m'mawondo.

Pachipata panaima mayi wina wonenepa, azakhali a Sunisa, amene sanalipo Lamlungu lija. Anamutchinga ndi mkono mwaulemu. Milutin anadziguguda pachifuwa.

“Papa,” anatero. “Papa wa Ognjen.”

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatope, napukusa mutu momumvera chisoni, ngati munthu wasokera ukwati. Kenako analoza m'nyumba.

“Papa ali mkati kale.”

Milutin anasuzumira pamwamba pa phewa la mayiyo. M'chipinda chodzaza anthu munali mipando iwiri yokutidwa ndi nsalu yoyera. Pa umodzi panakhala Zorka, tsitsi litaphwanyika ndi chisoti. Pa winawo panakhala Radomir. Ognjen ndi mkazi wake anali atagwada pamapazi pawo, mitu pansi. Kenako Radomir ananyamula chigoba cha nkhono chokhala ndi madzi, nathira m'manja mwa Ognjen, misozi ikutsikira m'ndevu zake. Wojambula anawalitsa kamera. Anthu anaomba m'manja.

Botolo silinagwe, koma Milutin anakhala pansi pomwepo, pa sitepe yonyowa, pakati pa nsapato za alendo.

Woyamba kutuluka anali Radomir. Anaima patsogolo pa mlamu wake akupotokola chipewa m'manja. Nthabwala zonse zinali zitamuthera.

“Alamu, ndinafunsa ngati n'kotheka kudikira. Ndinafunsa kawiri. Anati nthawi ikadutsa yadutsa, ndipo mpando sungakhale wopanda munthu, mtsikana angachite manyazi pamaso pa abale ake onse. Zorka ndiye anandikoka dzanja.”

Ognjen anabwera pambuyo pake, ulusi woyera uli pamkono, nkhata ya maluwa ili m'khosi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoyang'ana masokosi aubweya aja ali m'manja mwa bambo ake.

“Ndinkayang'ana kuchipata, ababa,” anatero. “Mpaka pogwada ndinkayang'anabe.”

Anamulowetsa, anamupatsa thaulo ndi malaya ouma a bambo a Sunisa, amene sanamukwane. Akuchikazi anamulandira bwino, anthu aulemu kwambiri, koma theka la alendo linapita kwawo likudziwa kuti bambo wa mkwati ndi uja wa ndevu, wolira msanga. Wina anafunsa Ognjen ngati mkulu wonyowayo anali dalaivala wa banja. Za rakiya palibe amene anazitchula, ndipo Milutin sanalimbe mtima kumasula masokosi aja.

Chithunzi chinafika ku Kraljevo iwo atangobwerera, chachikulu, cha felemu yagolide, mphatso yochokera kuchikazi. Zorka anachipachika pabalaza, pamwamba pa kabati. Milutin anati bwanji chikakhale kuchipinda. Zorka anangokhomerera msomali. Tonse a mumsewu tinapita kukachiona, ndipo tonse tinaima kukamwa kuli pululu. Mayi Desanka a nyumba yoyandikana, amene pakamwa pawo palibe chitseko, anavala magalasi, nayandikira, nabwerera m'mbuyo.

“Koma Zorka, ukwati wa mwana tinaumva. Uwu wa iwe ndi mchimwene wako bwanji sunatiitane?”

Palibe amene anaseka mokweza, poti mwini nyumba anali pomwepo, atakhala pampando wake, akuyang'ana pansi. M'kabati, pansi penipeni pa chithunzicho, muli botolo lija mpaka lero, dothi la kuseri kwa nyumba likadali m'khosi mwake, chitsekero chosatsegulidwa. Ukwati umene linkadikira unachitika mwini wake ali pamsewu, m'takisi, akuphunzitsa eni mzinda njira za kwawo.

Radomir amabwerabe Lamlungu lililonse ndi kabotolo ka uchi, ndipo za matayala sazitchula. Milutin naye anasiya kumuseka. Mwezi wathawu ndinamuona pasiteshoni, munthu amene anayendetsa basi moyo wake wonse, akufunsa kamtsikana kogulitsa matikiti kuti ya ku Belgrade imaima mbali iti. Wayamba kufunsa tsopano, koma chisa anachipeza uchi atakombeza ena. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.